Za banja la a Perrin ku Château de Beaucastel

M'nkhani yanu mwalemba bwino za vinyo wa ku Beaucastel, munda wa mpesa wa kum'mwera kwa France, koma pa mbiri ya mundawu mwathamangapo. Pamene a Pierre Tramier ankagula malowa mu 1909, minda ya mpesa ku France inali itasakazidwa ndi tizilombo todya mizu totchedwa phylloxera. Mkamwini wawo, a Pierre Perrin, ndi amene anapitiriza ntchitoyo, ndipo mpaka lero munda uli m'manja mwa banjali.

Amene amandigwira mtima kwambiri ndi a Jacques Perrin, mwana wa a Pierre Perrin. M'zaka za m'ma 1950, alimi ambiri akuthamangira mankhwala opopera, iwo anasankha kulima popanda mankhwalawo. Pamenepo panafunika kulimba mtima ndithu.

Onaninso chithunzi cha mundawu mwaikacho. Nthaka sikuoneka n'komwe, paliponse miyala yobulungira ngati ya mumtsinje. Miyalayo imatentha ndi dzuwa masana, usiku n'kumabwezera kutenthako ku mpesa, pamene mphepo yamphamvu yochokera kumpoto yotchedwa mistral imaumitsa masamba kuti matenda a chinyezi asafale. Ndipo a banja la Perrin amalima mitundu yonse 13 ya mphesa yololedwa ku Châteauneuf-du-Pape, dera lopanga vinyo kumene kuli mundawu. Chonde mudzatilembere za mtundu wa mourvèdre, umene a Jacques ankaukonda kwambiri.