Musaiwale za mabatire

Nkhani yomwe ndawerenga yokhudza kugula drone (kandege kouluka kopanda munthu mkati) yalimbikira pa kamera ndi mtengo, koma wogula drone ya ntchito adzifunse kaye: pakatha zaka zitatu, batire ndi zosinthira zina ndidzazipeza kuti? Skydio, kampani yopanga ma drone ya ku America, inasiya kugulitsa kwa anthu wamba mu 2023, n'kutsala ndi apolisi, asilikali ndi makampani. DJI, kampani inanso yopanga ma drone ya ku Shenzhen ku China, ili paliponse, inde, koma mu 2020 boma la America linaiika pa mndandanda wa makampani osaloledwa kugula zipangizo za ku America popanda chilolezo. Ndiye amene mumagwira ntchito za mabungwe a ku America, afunseni kaye ngati angalole drone ya DJI. Pa ntchito yojambula minda kuno, ine ndingatengebe DJI. Batire ikatupa pakati pa dzinja, ina mumaitanitsa ku Johannesburg mosavuta.