Si foni iliyonse yovuta imafunika kuflasha

Pali mawu amene okonza mafoni ambiri amathamangira kuwanena foni asanaigwire n'komwe: "Imeneyi ikufunika kuflasha, bwana." Batire ikutha msanga, kuflasha. Tchaja sikulowetsa moto, kuflasha. Sikirini ikudinika yokha, kuflashanso. Ife timangovomera, tilipire, tibwere madzulo kudzatenga foni yopanda zithunzi za ukwati, vuto lili pompo. Ine ndikuti tikutaya ndalama chifukwa mawuwa sitiwafunsa tanthauzo lake.

Kuflasha n'kuchotsa pulogalamu yaikulu imene imayendetsa foni yonse, ija amaitcha firmware, n'kuikamo ina yabwinobwino yochokera ku kampani imene inapanga foniyo. Amalumikiza foni ku kompyuta ndi kebulo. Ya Samsung amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Odin. Ma Tecno, Infinix ndi itel amene adzaza m'matumba mwathu kuno, ambiri mkati mwake muli chip (ubongo wa foni) ya MediaTek, imene imafuna SP Flash Tool, ena muli ya Unisoc imene ili ndi pulogalamu yakeyake. iPhone amaibwezeretsa ndi iTunes kapena Finder.

Ndiye pali matenda amene kuflasha kumachizadi, sindikukana. Foni yakakamira pa logo, ikungoyaka n'kuzima osafika pa menyu. Update inadukira pakati chifukwa batire inatha. Zotsatsa malonda zimangotulukira zokha ndipo zimabwereranso ngakhale mwachita factory reset, kuja kufufuta zonse kuti foni ibwerere mmene inalili poigula. Apa vuto lili mu pulogalamu, ndipo kuflasha kumaidzutsa foni imene munali mutaiika kale m'bokosi. Koma batire yotupa, pobayira tchaja podzaza fumbi, foni imene inagwera m'beseni: zimenezi ngakhale muflashe kakhumi sizisintha. N'chimodzimodzi kuthira petulo m'galimoto imene yaphulika tayala.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti kuflasha kolakwika kumapha foni imene inkangodwala pang'ono. Taonani Samsung Galaxy A12. Dzina ndi limodzi, maonekedwe amodzimodzi, koma ilipo ya modelo nambala SM-A125F imene ili ndi chip ya MediaTek, ndi ya SM-A127F imene ili ndi chip ya Exynos. Fayilo ya imodzi si ya inzake. Wokonza amene amangoyang'ana chivindikiro n'kunena kuti "A12 ndili nayo pa laputopu" ameneyo muthaweni.

Komanso mu Odin muli malo anayi akuluakulu oikamo mafayilo: BL, AP, CP ndi CSC. Pomalizapo ndi pamene pagona nkhani. Firmware ya Samsung imabwera ndi mafayilo awiri a pamenepo, ina yoyamba ndi CSC, ina ndi HOME_CSC. Akasankha CSC, zonse za m'foni zimapita. Akasankha HOME_CSC, zinthu zanu zimatsala. Si nthawi zonse pamene HOME_CSC imathetsa vuto, koma wokonza woganizira kasitomala amayamba wayesa imeneyo. Ndi angati amatifunsa?

Pa SP Flash Tool ndiye pali dzenje lenileni. Pa zosankha zake pali Download Only, palinso Format All + Download. Yachiwiriyi imasesa mpaka malo amene foni imasungamo IMEI, nambala ija ya manambala 15 imene netiweki imadziwira foni yanu. Foni imayaka bwinobwino, yoyera ngati yatsopano, koma muikemo SIM ya TNM kapena Airtel, simungaimbe, ikungolemba Invalid IMEI. Mukabwerera, muzamva zoti "bodi inali itafa kale". Musanachoke pa benchi, dinani *#06# muone ngati nambalayo ikutuluka, ifanane ndi imene ili pa katoni, kenako muimbire munthu pomwepo.

Ina ndi ya Gmail. Kuyambira pa Android 5.1 mu 2015, foni ikafufutidwa mosadzera m'masetingi imafunsa akaunti ya Google imene inalimo kale. Amati FRP. Pa iPhone chinthu chotere chinayamba mu 2013 ndi iOS 7, amati Activation Lock. Tsono ambiri a ife imelo anatitsegulira mwana wa achemwali kapena mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni, pasiwedi sitinaionepo ndi maso. Foni aiflasha, yayaka, yatsekeka, ndipo wokonza akufuna ndalama ina ya "kuchotsa FRP". Loko ameneyu anamuika pofuna kuletsa akuba, ndipo kunena zoona, mabenchi ena amene amamuchotsa osafunsa lisiti ndi amene akudyetsa otsomphola mafoni m'madepoti. Koma pamapeto pake amagwiranso mwini foni weniweni amene sanalembe pasiwedi yake paliponse.

Za Airtel Money ndi Mpamba musade nkhawa, ndalama zija sizikhala m'foni, zimayendera nambala yanu ndi PIN. Komabe SIM ndi memori khadi zichotseni, mupite nazo kunyumba. PIN ya ndalama wokonza alibe nayo ntchito.

Foni ikadali yoyaka, yambani ndi zaulere. Fufutani mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amene adzaza malo, chifukwa foni zambiri "zochedwa" zimangokhala zakhuta. Iyatseni mu safe mode, mmene foni imayaka popanda ma app amene munaika nokha. Ikayenda bwino pamenepo, wolakwa ndi app ina imene munaika, ichotseni. Zikakanika, sungani macheza a WhatsApp pa Google Drive, zithunzi muzikopere pa kompyuta kapena pa memori khadi, muchite factory reset nokha kudzera m'masetingi. Kuflasha kubwere pambuyo pa zonsezi.

Ndipo mukafika kwa wokonza, mufunseni zitatu: wadziwa bwanji kuti vuto ndi la pulogalamu, fayilo akufuna kuikayo ndi ya modelo nambala iti, nanga zinthu zanu zitsala kapena zipita. Wodziwa ntchito amayankha mosavuta, mwinanso kukuonetsani pa laputopu. Akayamba kukwiya kuti mukumuphunzitsa ntchito, tengani foni yanu, mabenchi ndi ambiri.