Lekani kusandutsa apolisi chilombo choopsezera ana

Sabata yathayi ndinapita pa Lizulu kukagula mbatatesi, ndipo zimene ndinaona kumeneko mpaka lero mtima sunakhale pansi. Kamwana ka zaka ngati zinayi kanasochera m'chigulu cha anthu, kali kulira, mamina ali chuchuchu. Wapolisi wina wamkazi, munthu wamkulu ndithu, anawerama n'kukatambasulira dzanja: "Bwera kuno mwanawe, amayi ako ali kuti?" Kamwanako kungoona yunifolomu kanakuwa ngati kaona fisi, n'kuliyatsa liwiro kulunjika pamsewu wa M1. Thiraki inali ikubwera kuchokera ku Dedza. Pakanapanda mnyamata wogulitsa kabichi amene anakakoka malaya, bwenzi lero tikukamba za maliro.

Mayi ake atapezeka anayamba n'kukapatsa khofi. Kenako mawu amene anatuluka: "Ukathawanso ndikupereka kwa apolisi omwewa akakutsekere!" Pamaso pa munthu yemwe amafuna kuwathandizayo. Ine ndinangogwira pakamwa.

Kodi makolo inu, mitu ikuyenda bwino? Mwana akakana phala, apolisi. Akakodza pamphasa, apolisi. Akalira m'minibasi, "tonthola, taona awo akubwera ndi unyolo." Akakana kusamba m'mawa chifukwa cha kuzizira kwa kuno kwathuku, kumene ngakhale inuyo mumazengereza kukhudza madzi mwezi wa June, apolisinso. Nanga wapolisi anasanduka liti mkwapulo wa pakhomo panu? Kulera kwakukanikani, ndiye mwaganiza zobwereka yunifolomu ya boma?

Inunso abambo musaseke. Minibasi ikaima pa rodibuloko ndinu oyamba kutsonya: "Mbava izi, zikungofuna ya fanta." Mwana ali pamwendo panupo, makutu ali tcheru. Wapolisi akangosuzumira pawindo, nkhope yasintha, "Zikomo bwana, tikuyenda bwino bwana." Galimoto ikangonyamuka, kutukwana kwayambiranso. Mukuganiza kuti mwanayo akuphunzira chiyani? Kuti wapolisi timamuseketsa pamaso n'kumulavulira kumbuyo?

Musandimve molakwa, sindikunena kuti apolisi onse ndi angelo. Okonda ziphuphu alipo, ankhanza alipo, ndipo inenso ndinalipitsidwapo chindapusa chimene mpaka lero sindichimvetsa. Koma dandaulo lotere malo ake ndi kwa akuluakulu awo kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. M'khutu mwa mwana wa zaka zinayi mukusakamo chiyani?

Ndiye taonani zipatso zake. Tiana ta pulaimale kuimba mluzu ndi kukuwiza galimoto ya apolisi ikamadutsa. Anyamata kutola miyala pakangomveka kuti wina wagwidwa. Mwaiwala kale za ku Msundwe mu 2019, kumene gulu la anthu linapha wapolisi pomugenda, ndi zoopsa zimene amayi a kumeneko anakumana nazo pambuyo pake? Dzanja logenda lija silimera tsiku limodzi. Limayambira pakhonde, pamene mwana akumva bambo ake akunena kuti apolisi ndi agalu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwana amene mwamudzaza manthayo ndi amene adzafune wapolisi tsiku lina inu kulibe. Tili m'malire ife. Pa Lizulu pomwepa ungowoloka msewu, uli ku Mozambique. Munthu wachilendo akamugwira dzanja mwana wanu n'kumamukokera tsidya, adzakuwira ndani, poti munamuuza kuti wayunifolomu ndiye woopsa? Kamtsikana kamene malume ake akukachita zachipongwe usiku, kadzalimba mtima bwanji kukalowa ku Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, pamene kanakula kakumva kuti kupolisi ndi kumene amamenya ana? Nambala ya 116 yothandiza ana ilipo, yaulere. Ndi angati mwa inu munauzako ana anu? Koma nyimbo zotukwana zokha akuziloweza pa foni yanu yomweyo.

Kumuphunzitsa mwana kunena kuti "Muli bwanji bwana, ndasochera, dzina langa ndine uje, mudzi wathu ndi wakuti," kumafuna ndalama zingati? Mfumu mumamuphunzitsa kuilonjera atagwada, abusa chimodzimodzi. Pa wapolisi pokha ndiye pavuta?

Mayi wa pa Lizulu uja anabereka mwana wake n'kumapita, osathokoza wapolisi, osathokoza ngakhale mnyamata wa kabichi. Akuluakulu inu, chitani manyazi.