Abwana, mvula ya Novembala si ngozi

Pali mtundu wa abwana umene timautamanda kwambiri kuno ku Chipata ndipo ine ndatopa nawo. Ndi uja foni yake siikhala chete, nsima amadya ali chiimire, akangolowa mu ofesi aliyense amakhala tcheru chifukwa sizidziwika kuti lero akalipira ndani. Anthu amati eeh koma abwana aja ndi olimbikira ntchito. Ine ndimati ayi mwandi, ambiri mwa iwo ndi anthu ongodzidzimuka chabe. Chilichonse chimawapeza asanakonzeke, ndiye kuthamangathamanga konse kuja ife timakutcha khama.

Ine ntchito yanga ndi ya zaulimi, kugulitsa mbewu ndi feteleza komanso kugula zokolola kwa alimi, ndiye ndilankhula za kumene ndimadziwa koma a kusukulu, a kuchipatala ndi a ku khonsolo mudzionere nokha ngati sizikukukhudzani.

Tiyeni tiwerenge zinthu zimene timazitcha zadzidzidzi. Mvula kuno imayamba cha mu Novembala chaka ndi chaka, agogo athu amene sanapite kusukulu ankadziwa zimenezi, koma upeza manejala wa ma digiri ake akukuwa pafoni mu Novembala momwemo ati feteleza wa D compound watha, mbewu yocha msanga kulibe, thiraki ili kuti. Thiraki ichoke ku Lusaka, makilomita opitirira 500 pa Great East Road, idutse pa Luangwa, ikwere mapiri aja isanafike ku Nyimba, nthawi imene aliyense mdziko muno akufunanso thiraki yomweyo. Alimi a ku Chadiza ndi Vubwi abwera ndi ndalama m'manja, abwerera opanda kanthu, apita kukagula kwa mnzako. Uku nkufolera denga mvula itayamba kale. Msonkho wa pa malipiro (PAYE) wa ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndi ndalama za penshoni za NAPSA zimafunika pofika pa 10 mwezi uliwonse, deti yake siisuntha, koma pa 9 madzulo wa akaunti akutuluka thukuta ngati wamva lero. Mitengo ya mafuta ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi malaiti, yakhala ikulengeza kumapeto kwa mwezi. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni ndi kumapeto kwa Febuluwale, wa Kulamba ku Mkaika ndi kumapeto kwa Ogasiti, malo ogona amadzaza, antchito ena amapempha kupita, nanga nchifukwa chiyani munthu ukuika wekishopu ya alendo ochokera kutali sabata yomweyo kenako nkumakalipira sekilitale kuti sanapeze zipinda?

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa bwino amene tinali ndi makutu. Za El Niño, nyengo ija imene imachepetsa mvula kuno, a zanyengo anachenjeza mvula isanayambe nkomwe. Mvula inadula, chimanga chinauma chili m'munda, pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Munthu woganiza, tsiku lomwelo akanadzifunsa kuti ngati mvula kulibe, ku damu la Kariba madzi achokera kuti, ndipo malaiti athu ambiri si ochokera ku madzi? Load shedding, kuzimitsa malaiti mosinthana, inayamba ndi maola 8 mu Malichi, pofika chakumapeto kwa chaka tinali kukhala pafupifupi tsiku lonse mumdima. Ena anagula sola ndi mabatire koyambirira, anasintha nthawi ya ntchito kuti chigayo kapena makina aziyenda nthawi imene malaiti abwera olo ukhale usiku. Ena anadikira mpaka nyama yaola mu firiji ndiye nkuyamba kufunafuna jenereta aliyense akuifuna. Chilalacho sanabweretse ndi abwana, zoona, koma miyezi ija ya pakati pa chenjezo ndi mdima inali m'manja mwawo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si kalendala, ndi siginecha. Ndaonapo ndi maso anga kalaliki wa pa depoti ataimirira pakhomo ndi kapepala ka mafuta a K400, dalaivala wakhala pa tayala akudya chinangwa, anyamata onyamula matumba agona pa tenti, alimi akudikira ku mudzi ndi soya wawo pa sikelo, zonse zaima chifukwa abwana apita ku maliro kumene netiweki kulibe ndipo palibe wina aliyense wololedwa kusaina. Pobwera madzulo nkumati anthu inu simungachite kanthu ine kulibe? Nanga munatilola liti? Tsiku lina wina anayesa kuganiza yekha munamuyalutsa pamaso pa anzake, ndiye onse anaphunzira kuti chabwino nkudikira. Abwana otere amadandaula kuti ndatopa, zonse zili pamutu panga, osaona kuti anadzisenzetsa okha.

Ndipo tinene zoona, ena amazikonda. Ukakhala munthu amene aliyense akukuimbira foni umadzimva kuti ndiwe wofunika. Ena ndi mantha, ati mnyamata uyu ndikamuonetsa zonse adzanditengera mpando. Komanso amene amakonzekera bwino sayamikiridwa, chifukwa kwa iye sikuchitika zoti anthu akambe, feteleza anafika mu Seputembala mwakachetechete, palibe anaona. Amene anachedwa nkuyenda usiku wonse kukatenga katundu ndi amene amawomberedwa m'manja pa miting'i.

Maganizo anga ndi akuti utsogoleri umayamba ndi kukhala pansi, ndipo ndikutanthauza kukhala pansi penipeni, pampando, foni ili mu dirowa. Ola limodzi pa sabata, kaya Lachisanu masana kaya Lolemba m'mamawa anthu asanayambe kugogoda. Utenge pepala ulembe zimene zikubwera miyezi itatu kutsogoloku, ndi zimene zakusowetsa mtendere mwezi wathawu. Ukaziyang'ana bwino upeza kuti ndi zomwezomwezo zimangobwerera, sikelo yomweyo kuwonongeka, kasitomala yemweyo kuchedwa kulipira, matumba kutha pakati pa sizoni. Chinthu chikachitika katatu ndiye kuti vuto lili pa kachitidwe kathu, ndipo kukalipira munthu sikungachotse. Mwina sikelo ikufunika kupita ku sevisi mu Epulo kugula kusanayambe, basi nkhani yatha.

Za siginecha zija, uzani anthu malire awo momveka. Za ndalama zosapitirira mwakuti iwe saina, undiuze madzulo. Kasitomala akabweza katundu wosatsegula, msinthire osandifunsa. Adzalakwitsa, inde, ndipo tsiku limenelo ndi pamene tidzaone ngati munalidi kutanthauza, chifukwa mukangomukalipira mwabweza zonse m'manja mwanu.

China ndi gulupu ya WhatsApp ya kuntchito. Abale, uthenga wa 22 hours wolembedwa ndi mkwiyo sunakonzepo chilichonse. Wamva kuti katundu wasowa, mtima uli m'mwamba, walemba kale mayina a anthu mu gulupu, m'mawa nkupeza kuti katundu anangolembedwa mu buku lina. Munthu uja mwamutcha wakuba pamaso pa anzake, mkazi wake wamva, mupepesa bwanji? Gonani kaye. Funsani m'mawa muli awiri. Zinthu zofunadi yankho usiku womwewo ndi zochepa, moto, ngozi ya pamsewu, munthu wadwala.

Ndikudziwa ena munena kuti iwe ukulankhula chifukwa sudziwa ma bwana athu a ku Lusaka, amaimba 15 hours kufuna lipoti pofika 17 hours. Ndimawadziwa bwino. Koma apa ndi pamene pamaoneka kusiyana. Wongodzidzimuka amatenga phuma lija nkulikhuthulira pa anthu ake, aliyense asiye zimene akuchita, alimi adikire panja. Woganiza amayankha mwaulemu kuti bwana ndamva, koma lero tili kulipira alimi, ndisiye chiti? Kawirikawiri upeza kuti lipotilo likanatha kudikira mpaka mawa, kungoti palibe anafunsapo. Ndipo ngati lipoti lomwelo amalifuna mwezi uliwonse, bwanji manambala ake osamalemba tsiku ndi tsiku kuti akaimba muzingotumiza?

Pali maofesi ena, ndivomereze, kumene funso lakuti ndisiye chiti lingakuchotsetse ntchito, ndipo sindingauze munthu wa ana asanu kuti akayese mwayi. Kumeneko yambani ndi zimene zili m'manja mwanu, kalendala ya pakhoma ndi malire a kasainidwe a anthu anu. Koma inu amene muli pamwamba penipeni, eni mashopu a ku Kapata ndi Down Shops, ma manejala a m'maboma monga Katete, Petauke ndi Lundazi, inu mulibe wokuimbirani 15 hours. Oda ya feteleza wa chaka chino mwaika kale kapena mukudikira mitambo?