Chingerezi chinali kuseri kwa mpanda, iwo akuchisaka pa bolodi

Kuntchito kwathu kuno ku New York tili ndi mayi ena achikulire ochokera ku Dominican Republic. Tonse timasamalira okalamba, ndipo usiku odwala akagona timakhala pansi ndi tiyi n'kumacheza. Chingerezi chawo n'chothyokathyoka ngakhale akhalitsa kuno, ndiye tsiku lina pakamwa panandiyabwa, ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi kwanu kusukulu kunalibe Chingerezi?" Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Akuti chinalipo, Chifalansa chinaliponso, ndipo pa mayeso onse awiri ankakhoza bwino kwambiri.

Sekondale anaphunzira m'zaka za m'ma 1970, mumzinda wa San Pedro de Macorís. Aphunzitsi akalowa ankalemba pa bolodi "I am, you are, he is", kalasi yonse n'kumabwereza ngati nyimbo ya kwaya, kenako kukopera m'makope. Kufotokoza konse kunali m'Chisipanishi. Chaka chotsatira, mneni yemweyo, nyimbo yomweyo. Ola la Chifalansa likakwana ankangosintha mawu, "je suis, tu es", koma kayimbidwe kake n'kamodzimodzi. Iwo sakumbukira tsiku limene mwana anafunsidwa funso n'kuyankha za kumtima kwake m'chinenero chachilendocho. Amene makolo awo anali ndi kangachepe ndi amene ankapita kukaphunzira mwapadera, monga ku Instituto Cultural Domínico-Americano ku Santo Domingo, sukulu imene inatsegulidwa mu 1947.

Mpaka apa nkhaniyi sinandidabwitse, tonse tinalowezapo zinthu pamtima osazimvetsa. Chinandidzidzimutsa ndi dzina la mzindawo. San Pedro de Macorís ndi kwawo kwa nzimbe, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 makampani a shuga ankatenga antchito kuzilumba zolamulidwa ndi Britain, monga St Kitts, Nevis, Anguilla ndi Tortola. Anthu amenewa anali akuda, olankhula Chingerezi cha kubadwa nacho, ndipo anabwera ndi matchalitchi awo ndi timasukulu tawo. Eni dziko anawapatsa dzina loti cocolos, limene poyamba linali lonyoza. Mayiwa akuti kuseri kwa mpanda wa nyumba yawo kunkakhala agogo ena a mtundu umenewu. Ankakazinga yaniqueque, chakudya cha ufa wa tirigu chimene dzina lake linachokera ku johnnycake, uku akukalipira adzukulu awo m'Chingerezi. Mwana wasukulu ankachoka m'kalasi mmene aphunzitsi akulimbana ndi "he is", n'kudutsa pakhomo pa munthu amene amalota m'Chingerezi, koma palibe anaganizapo zoti awiriwa akhale pamkeka umodzi. Cha agogowo sichinkawerengedwa ngati Chingerezi. Chinali chilankhulo cha anthu a kunzimbe basi.

Ku Samaná nakonso, kumpoto chakummawa kwa dzikolo, kuli zidzukulu za anthu akuda amene anachoka ku America mu 1824, ndipo anasunga Chingerezi chawo kwa mibadwo ingapo. Dziko linali nacho chinenerocho m'thumba, likuchisaka pa bolodi.

Nkhani ya Chifalansa ndiye imapweteka. Dominican Republic imagawana chilumba chimodzi ndi Haiti, ndipo wina angaganize kuti Chifalansa chinali m'sukulu kuti anansi azimvana. Koma mlimi wamba wa ku Haiti, ngati amene ankabwera kudzadula nzimbe ku Dominican Republic n'kumagona m'makomboni otchedwa batey, amalankhula Chikiliyo (Creole), chinenero chawochawo cha anthu a ku Haiti. Chifalansa cha m'buku chinali cha ku Paris, cha anthu ovala jekete. Pakati pa mayiko awiriwa palinso chilonda chakale. Haiti inalamulira chilumba chonse kuyambira 1822 mpaka 1844, moti ufulu umene a Dominican amakondwerera pa 27 February ndi wochoka m'manja mwa anansi awo omwewo. Ndiye mu 1937 Rafael Trujillo, amene anagwira dzikolo pakhosi kuyambira 1930 mpaka 1961, analamula kuti anthu a ku Haiti okhala chakumalire aphedwe, ndipo anafa masauzande ambiri. Anthu amasimba kuti asilikali ankaonetsa munthu masamba a ndiwo ina n'kumuuza kuti atchule dzina lake la m'Chisipanishi, perejil, ndipo lilime likaterereka pa "r" ndiye kuti wapita. M'dziko limene katchulidwe ka liwu limodzi kanakumbukiridwa motero, ndi kholo liti likananyadira kuti mwana wake akulankhula Chikiliyo bwino?

Maganizo anga ndi akuti sukuluzo sizinkasankha chinenero poona amene mwana adzalankhule naye. Zinkaona amene mwana ayenera kumusirira. N'chifukwa chake Chingerezi cha mzungu wakutali chinali phunziro, cha agogo oyandikana nawo chinali phokoso.

Aphunzitsiwo sindikuwanena. Munthu amapereka chimene anapatsidwa, ndipo ambiri nawonso anaphunzira mwa kuloweza komweko, alibe wailesi m'kalasi ngakhale munthu woyeserera naye. Mayiwa amavomerezanso kuti galamala ija sinapite pachabe, chifukwa atafika kuno ankatha kuwerenga mafomu pamene anzawo ankangosaina. Kungoti kuwerenga fomu ndi kuyankha dokotala pa foni ndi ntchito ziwiri zosiyana. Boma lawo linadzazindikira mochedwa, alendo atadzaza mahotela a ku Punta Cana ndi Puerto Plata, makampani oyankha mafoni akusowa achinyamata olankhula Chingerezi. Mu 2005 linayambitsa pulogalamu ya Inglés de Inmersión, imene ophunzira amakhala maola angapo tsiku lililonse akumva ndi kulankhula Chingerezi chokhachokha. Apa n'kuti ambiri mwa agogo aja atatsikira kulichete, adzukulu awo atasanduka olankhula Chisipanishi chokha.

Ndisaname, pamene mayiwa ankasimba ndinayamba kudzimvera chisoni ndekha. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kumene ukawoloka msewu wa M1 malo ena ndiye kuti waponda Mozambique. Ndili mwana, othawa nkhondo anadzaza m'midzi mwathu. Kusekondale ndinatuluka thukuta ndi Chifalansa, lero ndimatha kunena "bonjour" mokoma ndithu, koma Chipwitikizi sindingathe n'kufunsira komwe madzi akumwa.

Mwezi watha anatibweretsera bambo ena okalamba a ku Haiti amene mutu unayamba kuiwala, ndipo Chingerezi chonse chimene anaphunzira atakula chinawathawa. Anakana chakudya masiku awiri. Ine ndinayesa ka Chifalansa kanga ka Fomu 2, anangondiyang'ana. Mayi aja anayesanso chawo cha "je suis", osaphula kanthu. Kenako anakhala chete pang'ono, n'kukoka mpando, n'kunena mawu awiri amene anatola ali kamtsikana posewera ndi ana a ku batey, amayi awo asakudziwa: "Ou grangou?" Ndiko kuti, muli ndi njala? Bambowo anatembenuka, anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anayasamula kudikira supuni.