Pepala la khoti ndili nalo, koma mwana sadya pepala

Abale anga a ku Joni kuno ndiloleni ndilankhule, mtima wandiwawa. Ndangofika kumene kuchokera ku khoti ya mentenensi, yoona za ndalama zolerera ana, kachisanu chaka chino, ndipo ine ndi wa ganyu yochapa ndi kusita, tsiku lomwe sunapite madamu sakulipira. Nde ya tsikulo yapita, matekisi awiri popita awiri pobwera, kuonjezapo kenakake kopatsa aneba amene anditengera mwana kusukulu ya mkaka.

Bambo ake a mwanayu ndi mMalawi mnzathu, tinkakhala limodzi ku Yeoville. Atachoka pakhomo ndinayamba kaye zakwathu, sindinathamangire kukhoti ayi. Ndinaimbira amalume awo ku Dedza, anati tiyankhula naye. Akuluakulu akutchalitchi anatikhazika pansi, bambowo nkulonjeza pamaso pa anthu, anatumiza R300 kawiri kenako zii.

Kunena zoona lamulo lakuno, Maintenance Act ya 1998 ija, silipondereza mzimayi. Khoti iliyonse ya majisitireti ili ndi mbali ya mentenensi, kutsegula nkhani sulipira ndipo loya safunika. Umadzaza fomu, kutenga setifiketi ya kubadwa ya mwana, chiphaso chako ndi umboni wa zomwe umawononga pa mwanayo. Ine malisiti ndinkasunga mu kontena ya majarini, a ufa, a nsapato, a mankhwala a chifuwa, ena anali atafufutika kale moti ndinachita kulembanso mtengo kumbuyo ndi bolopeni. Bambo a mwanayo anabwera, tinakambirana pamaso pa ofisala, khoti inalamula R1,200 pamwezi. Analipira miyezi 3.

Apa mpamene pali nkhani yanga. Munthu akapanda kulipira masiku 10 nkudutsa, ukhoza kubwerera kukhoti kukapempha kuti amukakamize. Njira zilipo ndithu, ena amati garnishee, bwana wake amalamulidwa kudula ndalamayo pa malipiro asanamupatse. Akhozanso kumulanda katundu nkugulitsa. Lamulo atalikonza mu 2015 anaonjeza kuti wozemba dala atha kukhala kundende mpaka zaka 3, dzina lake lipite ku credit bureau, kumene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, asamapezenso ngongole, komanso khoti itha kulamula makampani a foni kuti athandize kumusaka. Koma tandiuzani, amuna athuwa ndi angati ali ndi payslip? Bambo a mwana wangawa amapulasitala nyumba, sabata ino Midrand, yamawa Soweto, Lachisanu amalandira pamanja. Garnishee adula pati? Katundu wawo ndi matiresi, ketulo ndi kasipika. Ngongole ya kubanki sanayambe atengapo. Simu khadi amagula ya mmbali mwa msewu yolembetsedwa kale dzina la wina, mwezi ukatha ataya.

Nde ntchito yosaka imagwera iwe mayi. Ofisala wofufuza alipo koma amafunsa adiresi, ndipo sindimudandaula kwenikweni chifukwa mafayilo ali patebulo pake ndinawaona ndi maso anga. Lamulungu lina nditamva kuti asamukira ku Diepsloot ndinapita ndi mwana, tinaima pafupi ndi kasipaza, kagolosale kakang'ono, kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka, mwana akundikoka chitenje amvekere amama tikudikira ndani? Ndinawaona akulowa pageti la malata, nambala ndinalemba pachikhatho. Pomwe samani imafika kumeneko anali atachokamo.

Chimene chimandipweteka kuposa zonse ndi pakamwa pa anzathu. Eti ndamugulitsa mMalawi mnzanga kwa eni dziko, eti ndikufuna amugwire za mapepala. Ine sindinatchulepo za mapepala a munthu kulikonse, ndinatchula za lendi ndi fizi. Mawu ngati amenewa ndi amene akuchititsa kuti amayi ambiri angokhala chete, ena pasipoti inatha masiku nde amaopa ngakhale kuyandikira geti la khoti. Musaiwale kuti ndalama ya ana ya SASSA, bungwe la boma lopereka chithandizo kwa ovutika, imapita kwa nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika kuno (permanent residence) ndi othawa nkhondo ovomerezeka, ambirife sitili mmenemo. Bambo akathawa watsala wekha, lendi ikudikira, kumudzi mayi akudikiranso ya feteleza.

Pano ndamva kuti bambo a mwanayu akufuna kukwera basi yobwerera ku Malawi ku Park Station mu Disembala. Mgwirizano woti chigamulo chakuno chikagwire ntchito ku Malawi ulipo, koma mapepala ake amayenda kudzera mmaboma awiri, ndipo munthu amene wandivuta kumupeza mu Johannesburg momwemuno ndikamupeza bwanji ali kumudzi kwa amake?

Achimwene inu amene mumapita nawo ku sayiti mmawa uliwonse, mwanayu mumamudziwa, munamunyamulapo ali wakhanda. Sindikufuna zambiri, mungondiuza dzina la bwana amene akuwalipira pano. Fizi ikufunika pa 7.