Mwana wa atachimenti si mesenjala wanu

Lero ndapsa mtima, ndipo amene zimukhudze zimukhudze basi.

Masana ano ndinali pa Kamuzu Road kudikira katundu wanga. Ndikuponya maso, ndangoona mwana wa achemwali anga akukwera kabaza, dzanja lina jumbo ya tchipisi, lina mabotolo atatu a zakumwa, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Salima lino. Ndamukuwira kuti iwe, nthawi ino suyenera kukhala ku ofesi? Wayankha akuyang'ana pansi: "Amalume, abwana andituma. Ndikasiya izi ndibwerenso kudzawagulira mayunitsi a magetsi a kunyumba kwawo." Ndalama ya kabazayo ndi yake, kutanthauza kuti ndi yanga, poti ndine ndimamupatsa m'mawa uliwonse.

Mwana ameneyu ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira za ulimi wothirira. Anabwera ndi kalata ya kusukulu, anayenda yekha khomo ndi khomo mpaka ofesi ina pano inamulandira kuti achite atachimenti ya masabata 8. Lino ndi sabata lachisanu. Ngalande sanaipondepo. Pampu sanaikhudzepo. Chimene wadziwa ndi pomwe pamakhala shuga, batani la makina a fotokope, ndiponso kuti abwana amakonda tchipisi zothira tsabola wambiri. Galimoto ikamapita kwa alimi amamuuza kuti malo atha, atsale, anthu akabwera awauze kuti mabwana atuluka. Zoona, mwana wa digiri wasanduka loko wa pachitseko?

Madzulo ano ndamuuza andionetse logbook yake, buku lija amalembamo zimene wachita tsiku ndi tsiku. Tsamba lililonse mawu ndi omwewo, ati wathandiza ntchito za mu ofesi. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Lachisanu. Pansi pake siginecha ya abwana yokhotakhota bwino, ndi chidindo chooneka bwino kwabasi. Buku limeneli lidzabwerera kusukulu, iye adzalemba lipoti, adzapatsidwa malikisi, ndipo pepala lidzanena kuti mwanayu anaphunzira ntchito. Chidindo chimenecho mwadinda pa bodza, bwana.

Mwana wa atachimenti si mesenjala wanu. Si wantchito wa m'nyumba mwanu. Sanabwere kudzakupumitsani miyendo. Anabwera kuti zimene wakhala akuloweza m'kalasi zaka zitatu azione ndi maso, azigwire ndi manja, alakwitse inu mulipo kuti mumukonze. Ngati mulibe choti mumuphunzitse, kanani kalatayo tsiku lomwelo. Kukana si mlandu. Mlandu ndi kumulandira mwana n'kumudyera masabata ake amene sadzabweranso.

Taonani anzawo. Wophunzira zauphunzitsi akapita ku teaching practice amapatsidwa choko ndi kalasi, amaima kutsogolo miyendo ikunjenjemera mpaka azolowere. Wophunzira unamwino amalowa mu wodi, amayeza odwala, amagona ntchito usiku. Mnyamata wa ku Salima Technical College akapita ku galaja amabwerako ovololo ili bii ndi oyilo, sipanala yamutupitsa zikhatho. Nanga bwanji wa m'maofesi yekha ndiye wa ketulo? Analakwa chiyani?

Ndikudziwa muti mafuta a galimoto akuvuta, ana achuluka, malo ndi ochepa. Zimenezo tamva.

Koma Salima yomwe ino mukuti mulibe poti mwana aphunzire? Ku Lifuwu kuli malo ofufuzira za mpunga. Ku Chitala kulinso malo a kafukufuku wa zaulimi, akhalapo ife tisanabadwe. Kuli minda ya mizimbe ya Salima Sugar, kuli ya mango, ndipo ku Nanjoka kuli magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021. Ukadutsa malire kulowa Nkhotakota kuli sikimu ya mpunga ya Bua, kuli Dwangwa. Kungoimba foni imodzi, kuuza mnzanu kuti ndili ndi mwana kuno, muyende naye masiku atatu aone m'mene madzi amagawidwira m'minda, kungakuthyoleni dzanja? Foni yoitanitsira tchipisi ndiye imakhala ndi mayunitsi nthawi zonse.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti tonse tinaona 2024. Ng'amba inapsereza chimanga mpaka boma linalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28, pamene nyanja yomweyi inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Madzi mbali ino, njala mbali inayo, pakati pake msewu wokha. Munthu amene mawa adzadziwe kukoka madzi amenewo n'kuwafikitsa m'munda mwa agogo anu ndi yemweyu mwamukweza kabaza kukagula tchipisi. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Inu manja mwachenjera nawo potuma basi.

Ndipo musandiuze zoti ifenso tinayambira pomwepo. Ngati anakuzunzani, ndiye mubwezere pa mwana wa eni? Kutumidwa si vuto, ngakhale ine kunyumba ndimamutuma, ndi mwana. Tiyi kamodzi kamodzi palibe angadandaule. Koma masabata asanu athunthu? Mwanayo sangayankhule, chifukwa siginecha yanu ndiyo yagwira digiri yake pakhosi. Mukudziwa zimenezo, n'chifukwa chake mukuchita. Akuseka nanu, akuti "chabwino bwana", koma usiku akumafunsa mnzake pa WhatsApp kuti alembe chiyani mu lipoti poti palibe chimene wachita.

Makolo ake kumudzi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze thiransipoti ndi nsapato zotseka zovala ku ofesi. Malipiro kulibe, ngakhale ya sopo. Ameneyu mwayi wake ndi woti ali ndi malume pano pa boma. Anzake akuchita lendi kachipinda anthu atatu, kugona pamphasa, kudya usipa wa tsiku ndi tsiku, zonsezo kuti adzaphunzire kuwiritsa madzi.

Aphunzitsi ake a kuyunivesite nawo anabwera kamodzi kudzamuyendera. Anakhala mu ofesi ya abwana kanthawi kochepa, anamwa tiyi amene mwana yemweyo anaphika, anamufunsa ngati zonse zili bwino abwanawo ali pomwepo, n'kukwera galimoto. Mumafuna ayankhe kuti chiyani?

Kenako mabwana omwewa, ntchito ikapezeka, amalemba m'nyuzipepala kuti akufuna munthu wa digiri amene wagwirapo ntchitoyo zaka zitatu kapena zisanu. Akazitenge kuti zakazo? Kwa wokazinga tchipisi? Pa intavyu ndi inu nomwe mumapukusa mitu, ati ana a masiku ano ali ndi mapepala okha, ntchito sadziwa. Mapeto ake malowo amatenga ndi mwana wa alamu anu amene sanalembe n'komwe kalata.

Mawa ndalama ya kabaza sindimupatsa. Amene akufuna tchipisi ayende yekha.